Ziwiri Zoyera, Ziwiri Zofiira

Masana ndimasenza masutikesi a eni ku Chingodzi,
phula likundiwotcha kupyola m'nsapato,
mapulopela akalira ndimabisa makutu m'mapewa.
Usiku, Anselmo akatseka shopu yake ya fotokope ku Matundo,
amandisiyira kiyi, mpando wolemala mwendo umodzi
ndi kompyuta yotsokomola poyaka.
Pamenepo ndege ndi yanga.

Ndimachokera cha ku Beira,
kumbuyo kwanga mipando makumi asanu ndi awiri
yopanda munthu, koma kulemera kwake ndimakumva m'dzanja.
Zambezi amayamba kuoneka, lamba wovulidwa n'kutayidwa pansi,
kenako kudera kwa Moatize.
Wopanga masewerawa sanapondeko kuno:
anaiwala malambe, anaiwala mbuzi,
m'mbali mwa Revubwe anabzalamo mitengo ya kwawo.

Bweza mphamvu pang'ono. Pang'ono, ndati.
Liwiro liyambe lagonja.
Mafulapu khwerero loyamba: ndege imatupa, ifuna kudumpha,
uikhazike ndi chala, nkhonya siimva.
Matayala pansi. Zobiriwira zitatu.
Ndimaziwerenga mokweza ngati pali wondiyankha.

Kumanzere kwa msewu woterapo kuli nyali zinayi.
Zonse zikayera, wadzikweza.
Zonse zikafiira, ukukakumba manda m'munda mwa eni.
Ziwiri zoyera, ziwiri zofiira,
munthu akhale pamenepo,
ndipo sukhalapo chifukwa wafuna,
umakhalapo pokonza tinthu tating'ono
tisanakule n'kukhala nkhani.

Mu Okutobala ndinagwa kakhumi ndi kawiri.
Ndinkaopa nthaka, ndiye ndikaiona ikundithamangira
ndinkalanda injini mphamvu yonse nthawi imodzi.
Sindinkadziwa kuti pulopela ukaimana msanga
imatambasula zikhatho n'kusanduka chitseko,
mphepo n'kuleka kusambitsa phiko,
iwe n'kugwa, phi, thumba la simenti lochoka pa lole.
Anselmo m'mawa, akupukuta galasi la makina ake:
Wapha angati dzulo, Komandante?

Anandimasula ndi mayi wina woyendetsa yeniyeni.
Anaima mumthunzi wa phiko kudikira mafuta,
botolo la madzi ozizira ataligunditsa pakhosi.
Ndinafunsa maso ali pa nsapato zanga.
Iye anati, Usayang'ane pamene ugwere,
yang'ana kumene msewu ukuthera.
Ikakana usaikakamize, ipatse moto, bwerera kumwamba.
Kuzungulira sikunaphepo munthu.
Anakwera makwerero ake.
Ine ndinatseka chitseko cha katundu.

Lero mphepo ikuwomba cha m'nthiti,
ndege ikubwera chammbali ngati nkhanu.
Zopondera ndilibe,
mchira ndimauwongola ndi mabatani awiri ofufutika zilembo.
Ziwiri zoyera. Ziwiri zofiira. Sizikusuntha.
Mpanda wadutsa pansi panga.
Mawu a m'makina ayamba kuwerenga chotsitsa:
makumi asanu,
makumi anayi,
dikira, usaope,
makumi atatu,
makumi awiri,
tukula mphuno ngati munthu wamva dzina lake chapatali,
tsopano bweza mphamvu, mwaulemu,
khumi,

mita yalira pakhoma.
Mayuniti atha.

Mdima wati bii.
Dzanja likadali pa ndodo,
thukuta likutsata msana mpaka m'lamba.
Kutali sitima ya malasha ikukoka unyolo wake wautali,
galu wa kwa Dona Firmina akuikalipira.
Ndafufuza kiyi m'thumba,
ndapeza tikiti ya katundu wa munthu amene anafika kale kwawo.

Kaya tinatera, sindikudziwa.
Anthu anga aja, amene kulibe,
ali lende mamita atatu pamwamba pa Chingodzi,
malamba ali m'chiuno, mphuno yatukulidwa bwino,
mpaka Lachisanu, tsiku la malipiro.