Mpweya wa ku El Alto

Ndinabwera ndi wenzulo ndi mipira iwiri,
ati kudzaphunzitsa.
Tsiku loyamba phuma linandithera
ndisanafike n'pakati pa bwalo pomwe.
Kumtunda kuno mpweya amachita kukupimira
ngati mchere wopempha.

Tiana tinandizinga,
masaya ong'aluka ndi chisanu.
Nayra anandikhazika pa tayala lakutha
nayamba kupinda zala zanga:
maya, paya, kimsa,
mpaka mtima unaleka kugunda m'makutu.

Masana choko chimakhala kwa ine.
Ndimalemba A wamkulu,
iwo amakopera wopendama, lilime kunja.
Mayi Condori sanaloweze dzina langa.
Akudziwa kuti Juni ndinyamuka
monga ananyamukira asanu aja.

Wenzulo ndapatsa Nayra.
Amangoliza pomwe wafunira,
ndipo tonse timaima.