Majini

Dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri la Zomba
ndimazimitsa nyali m'chipinda cha mbewa,
kuchotsa timabotolo ta madzi,
n'kupachika ta mowa.
Maola anayi okha. Ndimalemba m'kaundula.

Si mbewa za pampani izi,
zomwe anyamata amakupiza mumsewu wa ku Liwonde.
Izi n'zakuda bii, zonenepa ndi chakudya chogula,
sizidziwa una, sizinathawepo lupsa.
Zili ndi manambala m'malo mwa maina,
zazimuna kumanzere, zazikazi kumanja.
Mumdima ndimangomva timalilime
tikugogoda pachitsulo, tcha tcha tcha.

Zazikazi ndizo zinkatsitsa botolo msanga.
Ndinkayesa diso langa lanama,
ndinayeza kachiwiri, kachitatu.
Dokotala Namagonya anangoti,
lemba zomwe waona, usazichitire manyazi.

Tsiku lozigoneka ndinasamba m'manja kawiri.
Ubongo wa mbewa ndi nyemba imodzi yonyowa.
Tinauzizira, tinautumiza kutali pandege,
mayankho anabwera ndi mvula yoyamba,
Chirunga yense akununkha fumbi lonyowa.

Pakompyuta panayalika chitenje
cha timabokosi tofiira ndi tobiriwira.
Chofiira, anatero dokotala, ndi jini yomwe yadzuka,
chobiriwira ndi yomwe mowa wagoneka.
Ndinayang'ana kumanzere, ndinayang'ana kumanja:
botolo limodzi, usiku umodzimodzi,
koma nsalu ziwiri zosiyana.
Momwe yamphongo yayatsa moto, yaikazi yazimitsa,
ndipo pomwe zagwirizana
mukhoza kuwerenga ndi zala.

Majini. Ndinaseka ndekha ngati wopepera,
poti mawuwa ndinawamva kale kwathu ku Chinamwali
pakamwa pa amayi, atagwira m'mutu:
ana angawa awalowa majini.

Ankanena mapasa ondiponda pamutu,
Saizi ndi Asiyatu,
oyamwa bere limodzi, odwala chikuku sabata imodzi,
oyamba kachasu chaka chomwe bambo anatisiya.
Saizi akamwa, mudzi wonse umadziwa.
Amatukwana agalu, amenyana pasiteji,
m'mawa nyundo paphewa, kukaswa miyala,
anthu n'kumati mwamuna ndi wotero.
Asiyatu ankamwera kuseri kwa chitseko
m'kapu ya tiyi.
Sankaimba, sankalira,
ankangokhala maso mpaka tambala,
akupinda ndi kupindula nsalu imodzi yomweyo.
Palibe anamuwerengera mabotolo.
Tinazindikira atayamba kuyankha anthu osaoneka.

Ndinawauza adokotala zonsezi,
chala changa chili pa timabokosi tofiira.
Anavula magalasi, anati pang'onopang'ono,
mbewa si munthu, achimwene,
chithunzichi sichikudziwa mlongo wanu.
Chikungotiuza kuti tinkafunsa amphongo okha
n'kumalembera mankhwala onse.

Ndikudziwa.
Mbewa sinaikepo bambo ake m'manda,
sinathamangitsidwepo pa lendi,
palibe anainena kuti hule poiona ndi botolo.
Komabe ndinasindikiza pepalalo,
ndinalipinda kanayi, lili m'thumba la malaya.

Lamulungu ndidzakwera kabaza
kupita kuchipatala chija anthu satchula dzina mokweza,
nditanyamula masuku ndi sopo.
Tidzakhala pabenchi pansi pa mtengo wa jakaranda.
Sindidzamuuza za majini, a amayi kapena angawa.
Ndidzangomufunsa chomwe sitinamufunse zaka zisanu:
iwe, ukamwa, mkatimo mumachitika chiyani?
Akakhala chete ndidzadikira.
Ntchito yanga yandiphunzitsa kukhala mumdima
osayatsa nyali, khutu lili tcheru.

Lero ndi Lachinayi.
Mbewa zatsopano zafika dzulo, makumi anayi,
zikununkhiza utuchi, sizinalawe kanthu.
Yaikazi ina, nambala sikisitini,
yaimirira ndi miyendo iwiri,
ikundiyang'ana m'manja.