Chaka Choyamba cha Mavu

Anatisankha Loweruka m'holo ya ku Chichiri
monga asankhira tomato madzulo mumsika wa Limbe,
wabwino atapita kale.
Matimu anayi akale anauzidwa kuti
iliyonse ipereke anthu asanu ku timu yobadwa kumene.
Anapereka ife:
wa bondo lolira, wosadzuka m'mawa,
wina amene anatukwana kochi pamaliro.
Ine anandipereka chifukwa cha zaka.

Dzina tinalipeza kudenga
la kalasi yomwe tinkavaliramo ku Chirimba,
chisa cha mavu chili lende pamtanda.
Bwanali anati, "Basi, ndife amenewo.
M'chiuno mowonda, koma tayesa kutigwira."

Mpira wake si uja mumaudziwa.
Uwu ngosongoka uku ndi uku ngati papaya wanthete,
ukagwa pansi sufunsa njira.
Ana ankatikuwiza ali pampanda:
"Taonani madala, anyamula mpira m'manja
ngati akuthamangira nawo ku Gulupu!"

Zisoti zinabwera m'belo la kaunjika, khumi ndi zitatu,
china chili ndi dzina la mwana wa eni ake mkati,
lolembedwa ndi dzanja la mayi wake, ndikuganiza.
Zotsalazo tinkabwereka kwa anyamata a kabaza,
ndipo okwera akachuluka pasiteji
ankabwera kudzazivula m'mitu mwathu masewera ali mkati.
Manambala anasoka ndi Nasibeko, magetsi atazima.
Sikisi wa Zakeyu anatuluka naini.
Anavala choncho mpaka anakalamba.

Koyamba tinagonja 48 kwa duu.
Kachiwiri sitinawerenge.
Popita ku Bangwe minibasi inatha mafuta pachitunda,
tinaikankha titavala zisoti,
pofika pabwalo n'kuti titasewera kale.
Kochi Likongwe ankajambula nzeru zake pakatoni ya sopo,
mivi, mitanda, tizungulire,
kenaka mbuzi inadya theka la nzeruzo
ndipo palibe anaona kusiyana.

Masewera asanu ndi atatu, osaponda mzere wa adani.
Oonerera athu anali asanu ndi mmodzi
kuphatikizapo wogulitsa chimanga chootcha.

Tsiku lotsiriza kunagwa chiperoni.
Phiri la Ndirande linasowa, zigoli zinasowa,
laimu yense wa m'mizere anasungunuka.
Zakeyu anaponya, akuti sankaona munthu,
anangoponyera kumene kunkamveka chifuwa changa.
Chinthu chonyowa chinandigwera m'manja.
Ndinachikumbatira.
Ndinathamanga ndi mawondo a zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri,
wina anandigwira jezi, inang'ambika, ndinamusiyira,
ndinathamangabe osadziwa ngati mzere ndaudutsa
mpaka ndinagwera m'dimba la mpiru la mlonda wa sukulu.

Wezulo inalira kutali, kumbuyo.

Tinagonjabe, 31 kwa 6.
Koma usiku umenewo Bwanali, munthu wa makilo zana ndi makumi awiri,
analira ngati wafedwa,
ndipo mpiru tinalipira tonse, mosonkherana.

Lero Mavu ali ndi basi yolembedwa dzina,
ali ndi dokotala, ali ndi zikho ziwiri m'kabati.
Anyamata ake akandiona pageti amati, "Tikiti, bambo."
Ndimagula.
Chisoti chija chili pakhonde kwathu ku Chilomoni,
mkazi wanga anadzalamo anyezi.
Dzina la mwana uja likadalimo, pansi pa dothi.