Loweruka Potsukira Magalimoto ku Kabwata

Payipi imatsokomola kaye isanalavule madzi.
Ndimaidikira, chiguduli paphewa,
pomwe eni magalimoto pa benchi paja
ayamba kale mlandu wawo wosatha.

Amatsegula nkhani ndi a Mshanga.
Yawo ndi ija yokwezeka m'chiuno,
si ya kutchire, si ya m'tauni, ili pakati ngati mleme.
"Januwale akafika," akutero, akuloza kumadzulo ndi kiyi,
"msewu wa Lumumba ukasanduka dziwe,
ine ndimawoloka nsapato zili zouma.
Inu mumaima m'mbali kuwerenga achule."

Mai Lupiya saseka msanga.
Sedani yawo yoyera yaona zaka khumi ndi ziwiri.
"Achimwene, mvula ndi ya miyezi inayi,
petulo ndi wa m'mawa uliwonse.
Ine ndikathira pang'ono
ndimafika ku Chongwe n'kubwerako singano ili duu.
Yanuyo imamwa ngati mlendo wosadziwa kutsanzika."

Zondwayo akupukuta magalasi ake akuda ndi malaya.
Kake ndi kofiira, ka zitseko ziwiri,
kamimba pansi ngati buluzi.
Kanalowera pa Nakonde katatopa kale kwawo,
koma mawu kadakali nawo.
"Inu mukukamba za nsapato ndi za thumba.
Nanga mtima?
Lamlungu mbandakucha, msewu wa ku eyapoti uli zii,
ndikangoponda
ngongole zonse zimatsalira m'kalilole."

"Ndipo ukafika pa chitunda cha pa Mtendere
umakwera chammbali ngati nkhanu,
mabasi akukuimbira hutala!"
Benchi yonse gwedegwede ndi phwete.

Ine sindiyankha.
Ntchito yanga ili kunsi kwa mipando.

Mwa a Mshanga muli kalata ya kubanki
yopindidwa kanayi, yofewa ndi kugwiragwira,
ndipo kagetsi ka petulo sindinakaonepo katazima.
Matope a m'matayala ndi a ku Chalala basi.
Mapiri amene anaigulira
akuidikirabe.

Kumbuyo kwa sedani kumanunkha nkhuku zosola
zopita ku Soweto kusanache.
Mpope wa utsi anaumanga ndi waya,
miyala ya ku Gadeni inausiyira zipsera.
M'kabokosi ka kutsogolo muli mandala a malemu bambo.
Anandiuza kamodzi kokha: pukuta ponse,
koma awo usawasunthe.
Za mandalawa satchula akamawerengera malita.

Nanga kofiira kaja?
Ndapezamo khadi la kusikelo la ku Chilenje,
timasokosi tiwiri tosakwana chala changa,
ndi pepala lolembedwa "Ikugulitsidwa"
lokwinyidwa, kuwongoledwa, kukwinyidwanso.
Mpando wa mwana mulibe pouika.
Ndinabweza pepalalo pamene linali,
pafupi ndi giya.

"Iwe Msaiwale, weruza ndiwe!
Umazidziwa zonse. Yabwino ndi iti?"

Ndikufinya chiguduli, madzi akuda chuu.
"Yabwino, mabwana,
ndi imene mwini wake sandiuza kuti ndikupatsa mawa."

Awiri aseka.
A Mshanga ayamba kupapasa matumba,
maso ali kumwamba
ngati kuti ndalama imagwa ndi mitambo.

Mitambo yomweyo yadetsa kale cha ku Makeni.
Madzulo ano zonse zidzafanana,
zidzaima mumzere umodzi pa raundi ya Kafue,
yaitali, yapansi ndi yoyera,
thope limodzi, hutala imodzi,
mnyamata wogulitsa maambulera akuzipitirira wapansi.
Lolemba zidzabweranso kwa ine.

Ine ndikatsika basi ku Kanyama
ndidzanyamula nsapato pamutu,
phazi likufunafuna mwala pansi pa madzi.
Wina akandifunsa kunyumba
sindidzanama:
zonse zitatu ndaziyendetsapo,
masitepe khumi,
kuchoka pa payipi kufika pamthunzi.