Gudumu Lachisanu

Amalitcha gudumu lachisanu
koma silizungulira, msewu silinaukhudzepo.
Ndi mbale yachitsulo yong'ambika kukamwa ngati chiboda cha hatchi,
yakhala phee kumbuyo kwa pikiapu ya Orrin
kudikira cholemera.

Lero ndi Lachisanu, ndipo chisanu chalowa kale mu Bottineau.
Atsekwe adutsa dzulo akulongolola, ulendo wakummwera.
Nanenso ndikuwatsata mawa, ine Verna,
ndi ngolo yathu ya makatani achikasu,
koma choyamba ndakwera pano ndi mawondo olira,
kampeni kobuntha m'dzanja, sanza paphewa.

Girizi wa chaka chatha wada bii, wauma gwa.
Wameza mchenga wa ku Arizona,
mankhusu a tirigu, ubweya wa galu wathu.
Orrin ankati girizi akadya fumbi wasanduka tupa,
amadya chomwe anatumidwa kuteteza.
Ndiye ndikupala. Akutuluka mopiringizika ngati makoko a mbatata.

Pakona, pafupi ndi chogwirira,
ndapeza chidindo cha chala chake chachikulu,
mizere yonse ilipo, ndi kachipsera kaja ka waya wa mpanda.
Ndakhala pansi pa chitsulo chozizira.
Galimoto ya makalata yadutsa. Yabwereranso.

Ndikanachisiya.
Koma chitsulo sichidziwa maliro,
dzimbiri silipepesa.
Ndapala.

Lyle Thorsrud watsamira mpanda ndi kapu ya khofi:
"Gulani kambale kapulasitiki kaja, mayi, madola khumi ndi awiri,
mungokaveka pachikhomo, basi, manja oyera!"
Mwina chaka chamawa, Lyle.
Sanza iyi inali malaya ake a Lamlungu,
isiyeni imalize ntchito.

Palafini pang'ono. Burashi. Chitsulo chayamba kuoneka nkhope,
mikwingwirima ya zaka khumi ndi zinayi,
pomwe chinzake chinkachikhula pa ngodya iliyonse ya msewu.
Tsopano girizi watsopano, wofiira ngati jamu.
Osachulutsa, Verna, si buledi wa alendo,
wochuluka amangothawira m'mbali kukaitana fumbi.
Ndikupaka ndi chikhatho, mozungulira,
mmene ndinkapakira mankhwala pamsana pake mwezi wa Malichi.

Mpope ndaulumiza pa timawere tiwiri tam'mbali,
kamodzi, kawiri, katatu,
mpaka wakale watuluka monyinyirika, watsopano akumukankha.
Nsagwada zam'kati ndazidonthezera mafuta.
Chogwirira ndakoka, ndabweza, ndakoka,
kulira kwake kwachepa, kwachepa,
kenaka zii.

Chikhomo chili pansi pa mphuno ya ngolo, cholozera pansi,
chachifupi ngati chibakera cha mwana.
Nyumba yonse imapachikika pamenepo:
bedi, chitofu, mbale zinayi, mapu opindika molakwika.
Nacho ndachipaka.

Zaka zonsezi malo anga anali kumbuyo,
kukupiza manja, kumanzere, kumanzere, ima!
iye akundiwerenga pagalasi, akutukwana chapansipansi.
Lero pampando ndili ine,
pagalasi pali mpanda ndi mtengo wopanda masamba.
Ndaphonya. Ndapita kutsogolo. Ndaphonyanso.
Lyle waika kapu pansi, waima pomwe ndinkaima,
manja ake akuyankhula chinenero chachilendo
koma ndamva.

Kho!

Khutu limanama, ankatero, pita ukaone.
Ndatsika ndi tochi, ndasuzumira kukamwa kwa chitsulo:
nsagwada zakumbatira khosi la chikhomo,
pakati pa mbale ndi mbale palibe mpata wolowa kuwala.
Ndatseka loko. Ndamanga mabuleki a ngolo, ndakoka pang'ono.
Yakana kundisiya.

Mawa pokhota pa msewu waukulu
zitsulo ziwiri zidzasenzana, zidzatembenukirana mwakachetechete,
ndipo chozigwirizanitsa palibe adzachione.

Ndasamba kawiri ndi sopo wa mbale.
M'zikhadabo mwatsala mzere wakuda,
pachitseko cha pikiapu pali chidindo chofiira,
chaching'ono, chopanda chipsera.
Chimenecho ndachisiya.