Woyimba Wosadziwika

Ku Mchesi, kuseri kwa opala matabwa,
ndimathira nyimbo m'mafoni a anthu.
Zambiri zimabwera zili mbulanda,
dzina palibe, chaka palibe,
kanambala chabe, ngati bedi la ku Central.

Usiku ndatsegula kazenera kakuda pa kompyuta.
Mbewa ndaikankhira kumbali.
Kamzere kakuphethira, kudikira lamulo.

Ndalemba: woyimba, Yotamu Chidzanja.
Chaka? Amayi akuti cha njala ija,
amalume akuti bodza.
Chala chaterera pa kanyenyezi,
nyimbo makumi anayi zonse zasanduka zake!

Ndaseka ndekha. Ndazibweza imodziimodzi
magetsi asanathime.
Yake ndi imodzi basi:
gitala ya chigubu, kachifuwa kaja pakati pa vesi.

Mawa, m'minibasi ya ku Kawale,
wina adzawerenga dzina la bambo anga.