Singano Ili pa Chofiira

Bambo anga, a Sumaili, sankaphunzitsa ndi mawu ambiri.
Ankaika kapu ya thobwa pa dashibodi, yodzaza mpaka m'milomo,
n'kuti, "Tiye, Asiyatu. Likatayika, mafutanso atayika."
Tsiku loyamba ndinanyowetsa mpando,
mawondo awo, ndi mapepala a inshuwalansi.
Sanakalipe. Anangopukuta ndi chipewa.

"Phazi lako ndi laukali," anatero pa Kaphatenga,
"ukuponda ngati waona chinkhanira.
Nyamuka ngati wasenza ndowa yodzaza.
Giya yachiwiri si kwanu, usagonemo.
Injini ikayamba kudandaula, ipatse yotsatira."

Mahampu a pa Khombedza ankawaona akadali kutali,
phazi n'kulichotsa, galimoto n'kumadziyendera
mpaka kufika yofatsa yokha.
"Buleki ndi mbala yovala bwino.
Liwiro umagula ndi ndalama, iye amangolanda."

M'mawa uliwonse ankazungulira matayala,
kugogoda, kumvetsera.
Lofooka ankalipititsa kokapopa tisanamwe tiyi.
Anatsitsa batire lakufa, njerwa zitatu
ndi thumba la simenti louma lomwe tinayenda nalo chaka chonse.
Pasiteji anzawo ankaliza injini, vuu, vuu,
kunamiza anthu kuti akunyamuka.
Iwo ankazimitsa, n'kumasenda chinangwa.

"Koma pa mtsetse wa ku Mvera usachotse giya.
Amene ankapulumutsa mafuta mwanjira imeneyo
tinakakhuza maliro ake."

Ndiye kunabwera usiku uja wa Novembala,
mapampu onse atauma sabata yathunthu,
zigubu zili pamzere ngati ana amasiye.
Chifuwa chinawagwira tili ku Benga.
Singano ili pa chofiira.
Mayi kumbuyo, mutu wa bambo pamiyendo,
akuti thamanga, mwanawe, thamanga!
Phazi langa linkafuna kuboola pansi.
Ndinaligwira ngati mbuzi yoona munda.
Giya yachisanu. Mawindo otseka. Thukuta.
Panalibe kapu pa dashibodi
koma ndinkaiona, ikunjenjemera, osatayika.
Thavite anadutsa. Khombedza anadutsa.
Kanyali kachikasu kakundiyang'ana osaphethira.

Inatsokomola titalowa m'tauni,
n'kuzima magetsi a chipatala akuoneka.
Anyamata akabaza anasiya njinga zawo,
anayi kumbuyo, wina pakhomo langa,
kukankha mpaka pageti.
Mmodzi anataya patapata, sanabwerere kukaifuna.

Patatha masiku asanu ndi anayi,
atakhala tsonga, chubu chikadali padzanja,
sanafunse za dokotala, kapena za ngongole.
"Unaponda buleki kangati?"
Ndinati kanayi.
Anatseka maso, kuuyenda msewu wonse m'mutu,
mlatho ndi mlatho, dzenje ndi dzenje.
"Kawiri kanali kosafunika," anatero,
n'kupempha madzi.